Kompyuta Yolankhula ya Alamu Anga

Munthu akandiuza kuti kuba ndi kuba basi, ndimayamba ndamuyang'ana nsapato. Nthawi zambiri zimakhala zopolisha bwino, za munthu amene sanayambe wasowapo chida chogwirira ntchito. Mmodzi yekha amene ndinkamulola kunena mawu amenewo pamaso panga anali alamu anga, amuna awo a achemwali, ndipo ndi iwowo amene kampani yathu inawachotsa ntchito ngati wakuba. Mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwira.

Ine ndinakulira m'nyumba mwawo mayi athu atamwalira, ndiye alamu ndimawadziwa ngati bambo anga. Anayamba ngati dalaivala wa lole pa kampani yonyamula katundu imene ndikugwirako mpaka pano. Zaka khumi ndi chimodzi ali pamsewu, osagundapo ngakhale nkhuku. Maso anayamba kuwavuta atangokwanitsa zaka makumi anayi. Poyamba ankati ndi fumbi, kenako ankati ndi magetsi a magalimoto ena. Tsiku lina anadutsa chikwangwani chachikulu osachiona, anaimitsa lole pambali, n'kuimbira ku ofesi kuti atumize dalaivala wina. Adokotala anati mitsempha ya maso inali itafa kale. Pasanathe zaka ziwiri sankaonanso chilichonse.

Chaka chathunthu anangokhala pampando wapulasitiki kuseri kwa nyumba, wailesi ili pamwendo. Munthu amene ankadziwa dzenje lililonse pamsewu wa makilomita mazanamazana anayamba kufunsa ana kuti sopo ali pati. Achemwali si munthu wolira nthawi yaitali. Anawakalipira m'mawa wina kuti iwo sanakwatiwe ndi mpando, n'kuwaperekeza kusukulu ya anthu osaona. Kumeneko ndi kumene alamu anaphunzira kutaipa, ndipo anakumana ndi pulogalamu yowerenga. Imeneyi imanena mokweza chilichonse cholembedwa pa sikirini, munthu n'kumamvera m'mahedifoni, kompyuta yonse n'kumaiyendetsa ndi kiyibodi yokha.

Kampani inawatenganso, koma musaganize kuti chinali chifundo. Panalibe wina wodziwa misewu, makasitomala ndi mabodza a madalaivala ngati iwo. Anawapatsa desiki ya pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene malole amaima, mafoni awiri ndi kompyuta. Ntchito yawo inali kulandira mafoni a anthu ofuna kunyamuliridwa katundu, kulemba ulendo, kusankha lole yoyenera ndi kuuza dalaivala. Patapita chaka anandipezera inenso malo a ukalaliki, desiki yanga moyandikana ndi yawo.

Madalaivala anawapatsa dzina loti Makutu, ndipo linawayenera. Kasitomala akangoti halo, iwo anali atamutchula kale dzina n'kumufunsa ngati denga la sitolo yake linasiya kudontha. Lole ikamalowa pageti ankanena osatembenuka kuti yafika nambala sikisi, koma mabuleki akulira, wina akauze makaniko. Dalaivala akaimba kuti wachedwa chifukwa cha matope pamlatho, alamu ankamufunsa modekha kuti nanga nyimbo za m'bala zikumveka kumbuyoko zafika bwanji pamlatho. Pulogalamu ija anaithamangitsa liwiro moti ine nditayesa kuvala mahedifoni awo ndinangomva ngati mpheta zikukangana. Mawu ake anali achikazi, ndiye achemwali ankaitcha mkazi mnzanga, ankati amayankhula ndi mwamuna wawo maola asanu ndi atatu pomwe iwo amangopatsidwa moni. Alamu ankaseka n'kunena kuti ukaipa dziwa nyimbo.

Tsono vuto linali pa mkazi mnzawo wa achemwali yemweyo. Mapulogalamu owerenga alipo aulere, ndipo alamu anayamba ndi umodzi wa amenewo. Koma pulogalamu yathu yolembera maulendo ndi chinkhalamba chimene anachipanga mphwake wa manijala wakale, ndipo yaulereyo ikafika mmenemo inkangoti batani, batani, batani, osanena kuti batani la chiyani. Imene inkatha kuwerenga bwino inali yogula, ndipo mtengo wake unkaposa malipiro a alamu a theka la chaka. Eni ake ankalola kuti munthu ailawe kaye: inkagwira theka la ola n'kukhala chete, mpaka uzimitse kompyuta n'kuyatsanso.

Miyezi inayi alamu anagwira ntchito choncho. Tangoganizani, kasitomala ali pafoni akutchula matumba ndi malo, mwadzidzidzi m'makutu mwangoti zii. Alamu ankayamba kumucheza za mvula ndi za mpira uku chala chili pa batani lozimitsira, kudikira kompyuta yaulesi ija kuti idzuke. Pa tsiku ankazimitsa ndi kuyatsa maulendo oposa khumi. Analemba kalata kawiri kupempha kuti kampani iwagulire, ndipo makalata onse awiri ndinakapereka ndine ku ofesi ya manijala. Yankho linali loti tiona mwezi wamawa. Mwezi wamawawo kunabwera chimpando chachikopa chozungulira cha bwana, choti munthu akakhalapo amaoneka ngati akufuna kumetedwa.

Amene anathetsa nkhaniyi anali mkulu wina wokonza makompyuta, amene tinkamutcha Fulashi chifukwa ankayenda ndi timafulashi tambiri pachingwe m'khosi. Makompyuta onse khumi ndi anayi a mu ofesi mwathu ankayendera zinthu za m'khosi mwa Fulashi. Pulogalamu yolembera makalata, yowerengetsera, yoteteza ku mavairasi, panalibe ndi imodzi yomwe yokhala ndi laisensi, kuyambira ya mlonda wa pageti mpaka ya bwana. Tsiku lina manijala anamukokera pa desiki ya alamu n'kunena ine ndikumva ndi makutu angawa kuti, “Tamuthandizani mkuluyu, zija mumachita zija.” Fulashi anabaya kafulashi kofiira, ndipo kuyambira masana amenewo mawu aja sanasiyenso kuyankhula.

Wina aliyense akanavina. Alamu ayi. Zinawakhala pamtima zaka zonse zisanu ndi chimodzi, ndipo tinkakangana nazo pafupifupi nthawi ya nkhomaliro iliyonse. Ine ndinkati kuba n'kumulanda munthu chinthu iye n'kutsala wopanda, nanga eni pulogalamuyi asowa chiyani, yawo si ili pomwepo? Iwo ankati ndikuyankhula ngati mwana. Ankati pali anthu anakhala pansi zaka, kutopa msana, kuti kompyuta ithe kuyankhula ndi munthu wosaona, mwinanso ena mwa iwo ndi osaona anzawo, ndipo nawonso ali ndi ana ofuna nsapato. Ankati telala ukamutengera chitsanzo cha diresi limene walivutikira n'kukasoketsa kwina, nsalu yake sunaibe, koma usanamizire kuti sunamulakwire.

Ine apo ndinkapsa mtima. Ndinkawafunsa kuti ndi munthu wamtundu wanji amene amaika mtengo wotero pa maso a mnzake. Ife oona timangoyatsa kompyuta n'kuyamba ntchito, iwo ayambe alipira theka la chaka kuti angofika pamene ife tayambira? Amene anaika mtengowo anafunsapo kuti kalaliki wa kuno amalandira zingati? Alamu ankavomera kuti mtengowo ndi wankhanza, koma ankati nkhanza za wogulitsa sizisandutsa wakuba kukhala m'busa. Chimene ankafuna n'chakuti kampani, imene inkapindula ndi makutu awo, igule monga mmene imagulira matayala. “Kuba ndi kuba, mlamu,” ankatero akupukuta m'manja. “Kungoti ine ndikuba ndi njala.”

Chaka chatha kampani ina yaikulu ya simenti inafuna kutipatsa ntchito yonyamula katundu wake kwa zaka zitatu. Inati isanasaine itumiza munthu wodzaona ngati zinthu zathu zili m'malo: matayala, zozimitsira moto, mapepala a madalaivala, ndi makompyuta omwe. Sabata imeneyo tinapenta ngakhale miyala ya pageti. Fulashi anabwera Loweruka n'kutsuka makompyuta awiri okha pochotsamo mapulogalamu akuba, ya bwana ndi ya mayi wa polandirira alendo, kuti mlendo akafuna kuona aonetsedwe amenewo. Ife ena sanatiuze kanthu.

Anabwera mayi wina wamagalasi, waulemu wake, atanyamula laputopu ndi mafomu. Lachiwiri m'mawa anatisonkhanitsa tonse m'chipinda chomwera tiyi. Mipando inali yochepa, ndiye tinapanikizana pabenchi, ine kumanzere kwa alamu, zigongono zathu zikukhudzana. Mayiyo anati iye si wapolisi, sanabwere kudzagwira munthu, akungofuna kudziwa pamene pali vuto kuti pakonzedwe. Kenako anati aliyense amene akudziwa kuti pa kompyuta yake pali pulogalamu yopanda laisensi akweze dzanja.

Manijala anali ataima kumbuyo kwa mayiyo, pafupi ndi ketulo. Anaika chala pamilomo, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono, maso ake akutiyenda mmodzimmodzi. Tonse tinaona, ndipo tonse tinamva. Wina anayamba kuyang'ana m'kapu, wina kukanda bondo, wina kukonza kolala. Benchi inalira, malaya anachita phokoso. Alamu anakweza dzanja lamanja m'mwamba ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho, nkhope ili mwee.

Ndinaliona likunyamuka dzanja limenelo. Kuchokera pabondo kufika m'mwamba panali nthawi yokwanira kuwagwira mkono, kuwaponda phazi, ngakhale kutsokomola. Panalinso nthawi yokweza langa, popeza pa kompyuta yanga panali zakuba zokhazokha, ndi mafilimu omwe. Koma maso a bwana anali atafika pa ine, ndipo ndinaganiza za lendi ndi za mwana wanga. Ndinagwira kapu ndi manja onse awiri.

Zimene anachita manijala sindidzaziiwala. Anatsegula pakamwa ngati waona njoka m'bafa, n'kunena kuti, “Aa, bambo inu, mpaka kufika pamenepo?” Alamu anatembenukira kumene kunachokera mawuwo n'kuyamba kunena kuti koma bwana ndi inu amene, bwanayo n'kuwadula kuti zimenezo tikakambirana ku ofesi. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma wathuyu ndi amene anabwera ndi machesi. Mayi uja anakaona kompyuta ya alamu, analemba, anakaona awiri otsukidwa aja, analembanso. Ndinamva akuuza manijala potuluka kuti bamboyu mungomugulira yake yovomerezeka nkhani ithe. Bwana anagwedeza mutu ngati munthu wachisoni.

Masana omwewo Fulashi anabwera kudzaichotsa pulogalamu ija. Sanapereke ndi moni womwe. Anawapempha alamu kuti asunthe pang'ono, anadinadina, n'kutuluka akuimba mluzu. Alamu anavala mahedifoni, anagogoda kiyibodi, anadikira, n'kuwavula. Anandiuza monong'ona kuti ndisadandaule, zikatere ndiye kuti akufuna kuikamo yeniyeni. Munthu wamkulu ndithu ankakhulupirira zimenezo.

Masabata atatu anagwira ntchito ndi kompyuta yosalankhula. Ankalandira mafoni monga kale, n'kumasunga zonse m'mutu: dzina, matumba, malo, tsiku. Akaika foni pansi ankanditchulira ine n'kumalemba. Ndikatanganidwa ankasunga maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi mpaka ndimasuke, milomo ikugwedera pang'ono powabwereza. Sanaphonye ngakhale thumba limodzi, ndipo zimenezi ndi zimene zimandipweteka kwambiri, chifukwa palibe anganene kuti ntchito inawakanika. Madzulo ankatuluka mutu ukuwawawa, achemwali n'kumawaika kansalu konyowa pamphumi. Anzathu a mu ofesi, amene kale ankaima pa desiki yawo kumvera nthabwala, anayamba kudutsa chonyang'ama ngati pagona wodwala.

Kenako anawaitana ku ofesi ya manijala kukadziyankhira. Anakhalamo manijala, mkulu woona za antchito ndi Fulashi. Alamu anatchula makalata awo awiri, anauzidwa kuti m'mafailo mulibe. Anatchula tsiku limene bwana anabweretsa Fulashi pa desiki yawo, Fulashi anati iye amakonza makompyuta ambiri, sangakumbukire zonse, koma pulogalamu ya osaona sanaigwirepo chibadwire. Bodza lamkunkhuniza, kafulashi kofiira kali lende m'khosi. Ankatanthauza kuti munthu wosaona anafufuza yekha pa intaneti, anathyola yekha loko wa pulogalamu, n'kuiika yekha pa kompyuta imene inkakhala chete theka la ola lililonse. Ine, amene ndinanyamula makalata aja ndi kumva mawu a bwana, sanandiitane. Chitseko chinali masitepe khumi kuchokera pa desiki yanga, ndipo sindinapite kukagogoda.

Anthu a simenti ankafuna kuona kuti vuto lapezeka ndipo lakonzedwa. Kugula pulogalamu kukanatanthauza kuvomera kuti kampani inkadziwa. Kuchotsa munthu kunali kosavuta, ndipo papepala kunkaoneka bwino: wantchito mmodzi anaika yekha pulogalamu yakuba, kampani yachitapo kanthu. Ofesi yonse ya akuba inapeza wakuba wake mmodzi, yemwe anali yekhayo amene zinkamusowetsa mtendere.

Kalata anawapatsa Lachisanu nthawi ya nkhomaliro, yapepala, mu envulopu yomata. Zaka zonsezo akugwira nawo ntchito, panalibe anaganiza kuti munthuyu aiwerenga bwanji. Anaitembenuza m'manja kawiri, n'kundipempha kuti titulukire panja. Tinakakhala pa matayala akutha kuseri kwa galaja, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinawawerengera ndekha. Kuphwanya malamulo a kampani, kuika kampani pachiswe, kusakhulupirika. Pa mawu omalizawo ndinaima, iwo anati ndipitirize. Nditamaliza anandiuza kuti ndiipinde bwino ndiwaikire m'thumba la malaya.

Ndinayamba kutukwana. Ndinatukwana bwana ndi chimpando chake, Fulashi ndi mikanda yake, anthu a simenti, eni pulogalamu ndi mtengo wawo wopanda manyazi. Ndinati tipite ku bungwe la antchito, tipite kukhoti, tipite ku wailesi. Alamu anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikuwazunguza mutu. Anati tsiku lija m'chipinda cha tiyi anamva benchi ikulira ndi malaya akuchita phokoso, ndiye anadziwa kuti anthu akukweza manja, n'chifukwa chake sanaope. Nanga zatheka bwanji kuti pa anthu onsewo kalata ibwere kwa iwo okha?

“Mlamu, manja anakwera angati?”

Ndikanatha kunama, sakanadziwa. Ndinati, “Limodzi.”

Lole ina inalowa pageti, iwo sanatchule nambala yake. Ndinawafotokozera za chala cha bwana pamilomo ndi mutu umene anapukusa, ndikuyankhula mothamanga ngati kuti kuchuluka kwa mawu kundithandiza. Anangofunsa ngati aliyense anaona, ndinati eya.

“Iwe unali kumanzere kwanga.”

“Eya, alamu.”

Sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya ndi ndodo yawo yoyendera. Anapukuta nkhope ndi chikhatho, n'kunena kuti zabungwe ndi zakhoti ndiziiwale, chifukwa mboni ndi ine ndekha, ndipo ndikakayankhula tikhala awiri pakhomo, ana adya chiyani. Anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo kwa thalauzi, n'kunditchula dzina langa laubwana limene anali atasiya kalekale kulitchula.

“Achemwali ako usakawauze za benchi ija. Iwo amadziwa kuti unali nane.”

Sindinawauze. Lamlungu lililonse ndimapita kwawo, achemwali amandilandira ndi manja awiri, amauza alendo kuti mng'ono wawoyu ndi amene anaima ndi mwamuna wawo mpaka tsiku lomaliza. Alamu amakhala pomwepo akumva, amandipatsa moni bwinobwino, amafunsa za mwana wanga. Za kuntchito safunsa. Afunsira ntchito malo anayi, ndipo konse akangoimba foni ku kampani yathu kufuna umboni nkhani imathera pomwepo.

Anthu a simenti anasaina. Patatha mwezi kampani inagula malaisensi a makompyuta onse, ndipo bwana anatisonkhanitsa n'kutiphunzitsa kuti kuba mapulogalamu ndi mlandu, tiziyamikira anthu amene amawapanga. Tinawomba m'manja, inenso ndinawomba. Lolemba lotsatira anandiuza kuti popeza ndine ndinkadziwa bwino ntchito ya mafoni, ndisamukire pa desiki ya pakona. Makasitomala akaimba amafunsabe kuti a Makutu ali kuti, ndipo ine ndimayankha kuti anapuma.